Dishi, Foni ndi Mpira: Mmene Intaneti Yothamanga Yasinthira Kuonera Kanema Kumwera kwa Niassa

Loweruka lililonse m'nyengo ya ligi za ku Ulaya, dzuwa likapendeka, misika ya m'mbali mwa msewu wa N13, umene umadutsa pa Cuamba, pa Mandimba ndi m'boma la Ngauma kulowera ku Lichinga m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, imakhala ndi maonekedwe ofanana: majenereta amalira kuseri kwa nyumba zamalata, mabolodi olembedwa ndi choko maina a matimu ndi nthawi yoyambira masewero amaimikidwa pakhomo, ndipo anyamata amapereka ndalama zachitsulo kuti alowe m'zipinda zamdima momwe mabenchi onse ayang'ana wailesi yakanema imodzi. Nyumba zimenezi, zomwe tsidya la Malawi zimatchedwa vidiyo sho, zakhala bwalo la zamasewero la anthu wamba kwa zaka zambiri, pakuti mabanja amene angathe kulipirira dishi mwezi ndi mwezi paokha ndi owerengeka m'dera limene ndalama imabwera ndi nyengo ya fodya, thonje ndi soya, n'kuchokanso nayo.

Kunja kwa zipinda zomwezo, pakhonde la sitolo kapena patsinde pa mtengo wa mango pamene netiweki imagwira bwino, kwayamba kupezeka oonera a mtundu wina, amene amaunjikana anayi kapena asanu pa foni imodzi yotsamiritsidwa pa botolo, ndipo masewero amene akuonera ndi omwewo amene anzawo alipirira pakhomo. Kawirikawiri m'chipinda muja mumabuka mfuwu wa chigoli iwo akali kuona mpira uli pakati pa bwalo, chifukwa chithunzi cha pa intaneti chimafika m'mbuyo ndi masekondi makumi angapo.

Kuchedwa kumeneku sikunawabwezere pa mabenchi.

Chimene chasintha ndi kufika kwa intaneti yothamanga, imene akatswiri amaitcha broadband, kutanthauza njira ya intaneti yotakata mokwanira kunyamula zithunzi zoyenda ndi mawu pamodzi popanda kudukiza. Zingwe za pansi pa nyanja zonyamula uthenga mwa kuwala, SEACOM ndi EASSy, zinafika ku Maputo mu 2009 ndi 2010, koma Maputo ali kutali ndi Niassa kuposa Lilongwe, Lusaka ngakhale Dar es Salaam, ndipo chigawochi, chomwe kukula kwake kumaposa dziko lonse la Malawi pamene anthu ake pa kalembera wa 2017 sanafike 2 miliyoni, sichinali malo amene kampani yofuna phindu lamsanga ikanathamangirako. Zinthu zinatembenuka mu 2012 pamene Movitel, kampani imene mwini wake wamkulu ndi Viettel ya ku Vietnam, inayamba ntchito posankha kulowa kumidzi, n'kudzala mitengo yonyamula zingwe m'mbali mwa misewu yafumbi kumene mcel ndi Vodacom zinali zisanakhazikike kwenikweni.

Pambuyo pake panabwera 4G, ndiko kuti m'badwo wachinayi wa netiweki ya mafoni, umene unali woyamba kulola munthu kuonera mpira pafoni chithunzi chikuyenda bwino. Mu 2023 chingwe cha 2Africa chinatulukira pagombe la Nacala, kumene kumathera njanji yodutsa pa Cuamba, ndipo chaka chomwecho Starlink, imene imatumiza intaneti kuchokera ku masetilaiti ozungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 550, inayamba kugwira ntchito ku Mozambique ndi ku Malawi. Komabe liwiro limeneli silinagawidwe mofanana. Limatsata msewu waukulu, njanji ndi malikulu a maboma monga Cuamba, Mandimba ndi Massangulo, ndipo munthu akapatuka kulowa m'midzi ya kuseri kwa mapiri a Ngauma, foni imabwerera ku ntchito yake yakale yongoimbira ndi kulandira mauthenga.

Kuti mpikisano umene ulipo umveke bwino, m'pofunika kusiyanitsa kayendedwe ka chithunzi m'njira ziwirizi. Setilaiti iliyonse imene madishi a DStv, ZAP ndi StarTimes amaloza ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo imamwaza chithunzi chimodzi pa mayiko ambiri monga momwe mvula imagwera pamadenga onse, kotero kuti kaya oonera ndi khumi kaya ndi 10 miliyoni, katundu wake sasintha. Intaneti siyenda chotero, pakuti foni iliyonse imaitanitsa chithunzi chakechake, kachidutswa ndi kachidutswa, woonera n'kuyamba kuona zina zikali m'njira, ndipo kaonedwe kameneka ndi kamene kamatchedwa streaming. Nsanja ya netiweki ili ngati mjigo wa pamudzi: otunga akachuluka, ndowa iliyonse imadzaza mochedwa. N'chifukwa chake usiku wa Champions League, masewero akayamba 9 koloko kapena 10 koloko ndipo mafoni ambiri a tauni yonse akutunga pa nsanja imodzi, chithunzi chimaima pomwe womenya penate watenga mtunda, ngakhale kuti masana a tsiku lomwelo netiwekiyo inali kuthamanga bwino.

Dishi nayo ili ndi chilema chake, chifukwa mvula yamphamvu ya mu Januwale ndi Febuluwale imatsekereza uthenga wa setilaiti, kanema n'kuzima mpaka mtambo utadutsa, ndipo magetsi akathima mwini nyumba amene alibe mafuta a jenereta amabweza ndalama kapena kukangana ndi makasitomala ake. Foni imangofuna batire lodzaza, limene kasola kakang'ono ka padenga laudzu kamatha kulidzaza.

Nkhani yaikulu, komabe, ndi ya ndalama. Masewero amodzi, kuwerengera nthawi yopuma ndi mphindi zoonjezera, amatenga pafupifupi maola awiri, ndipo pa chithunzi chapakatikati amadya data yokwana pafupifupi gigabaiti imodzi, pamene chithunzi chowala kwambiri chimadya kawiri kapena katatu kuposa apo. Data imeneyi, yomwe tsidya la Mozambique anthu amangoitcha ma mega pamene tsidya la Malawi amati bandulo, imagulidwa kwa ogulitsa mayunitsi a pamsika kapena kudzera pa M-Pesa ndi e-Mola, ndipo mtengo wake nthawi zambiri umaposa kandalama kachitsulo kolowera m'nyumba yoonetsera mpira. Choncho amene amati akuonera mpira waulere pafoni amalipira ndithu, kungoti ndalama yawo yasintha thumba: m'malo mopita kwa mwini dishi ndi kampani ya kanema, ikupita ku kampani ya mafoni.

Kusintha kwa thumba kumeneku ndiko kwagwedeza malonda a kanema mu Africa yonse.

Wailesi zakanema za m'dziko la Mozambique, monga TVM ya boma, STV ndi Miramar, zinasamukira ku njira ya dijito, imene imalola makanema ambiri kuyenda pa funde limodzi, kudzera mu ntchito ya ndalama zokwana madola 156 miliyoni zangongole yochokera ku China, imene inamangidwa ndi StarTimes n'kuperekedwa m'manja mwa kampani ya TMT, ndipo njira yakale inazimitsidwa mu 2021. Panalinso ntchito ya boma la China, yolengezedwa ku Johannesburg mu 2015, yopereka madishi ku midzi 10,000 ya mu Africa, imene Mozambique ndi Malawi zinapindula nayo. Ntchito zonsezi zinamangidwa poganiza kuti tsogolo la kuonera ndi dikoda yolumikizidwa ku wailesi yakanema ya pabalaza, koma pamene zinkatha, achinyamata ambiri anali atayamba kale kuonera pa chipangizo chokwana m'thumba.

Chimene chagwirizira madishi mpaka lero ndi mpira. Filimu, nyimbo ndi masewero otsatizana a ku Brazil munthu angathe kuziona mawa kapena mwezi wamawa popanda kutaya kanthu, koma mpira umakoma pamene ukuseweredwa, ndipo zotsatira zikadziwika mtengo wake umagwa nthawi yomweyo. Pa chifukwa chimenechi eni ligi amagulitsa ufulu woonetsa, umene ndi chilolezo choperekedwa kwa kampani imodzi kuti ionetse masewero m'dera linalake kwa zaka zingapo, ndipo wogula amabweza ndalama zake polipiritsa oonera mwezi ndi mwezi. SuperSport, ya kampani ya MultiChoice ya ku South Africa, yagwira ufulu wa Premier League ya ku England m'chigawo chino cha Africa kwa zaka zoposa 20, pamene ZAP, yochokera ku Angola, yadalira makanema a Chipwitikizi pokopa anthu amene mitima yawo ili pa Benfica, Sporting ndi Porto. Kumwera kwa Niassa zokonda ziwirizi zimakumana pabenchi limodzi, chifukwa sukulu ndi mbiri zinapatsa anthu matimu a ku Portugal, pamene malire a Malawi anawapatsa Manchester United, Arsenal, Liverpool ndi Chelsea.

Osewera awiri a Mambas, timu ya dziko la Mozambique, akulitsa njala imeneyi mbali zonse. Geny Catamo anamwetsa zigoli ziwiri pamene Sporting inagonjetsa Benfica 2-1 mu Epulo 2024, timu yake n'kutenga ligi chaka chimenecho ndi chotsatira, ndipo Reinildo Mandava, atachoka ku Atlético Madrid kupita ku Sunderland mu 2025, anakhala munthu woyamba wa ku Mozambique kusewera mu Premier League. Wokonda mpira amene akufuna kutsata onse awiri amafunika makanema a ligi ziwiri, ndipo ameneyu ndiye munthu amene foni imamukopa msanga.

Makampani aakulu amva kulemera kwa zinthu. MultiChoice inali ndi olipira 17.3 miliyoni mu Malichi 2023, koma pofika Malichi 2025 anatsala 14.5 miliyoni, ndipo ngakhale kuti kugwa kwa ndalama ku Nigeria ndi kusowa kwa magetsi ku Zambia zinathandizira, kampaniyo inatchulanso kuonera pa intaneti ndi kuba kwa makanema monga zina mwa zifukwa. Poyesa kutsatira oonera kumene apita, mu Febuluwale 2024 inakhazikitsanso Showmax mogwirizana ndi NBCUniversal ya ku America, n'kuikamo gawo loonetsa Premier League pafoni pokha pamtengo wotsika kuposa wa dishi. Mu Sepitembala 2025 kampani yonse ya MultiChoice inagwa m'manja mwa Canal+ ya ku France, zomwe zikutanthauza kuti ufulu wambiri woonetsa mpira wa ku Ulaya, m'mayiko olankhula Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi omwe, tsopano uli pansi pa denga limodzi. Apa pali chinthu chimene olonjeza za ubwino wa intaneti satchula kawirikawiri: kuchuluka kwa njira zoonera sikutanthauza kuchuluka kwa ogulitsa, ndipo mpikisano ukawapanikiza, makampani amamezana.

Opikisana atsopano aonekera ndithu. Ufulu wa chikho cha mayiko a mu Africa chimene chinaseweredwa ku Côte d'Ivoire kumayambiriro kwa 2024 unagulidwa ndi New World TV ya ku Togo, ndipo SuperSport inalengeza kuti sidzaonetsa mpikisanowo, mgwirizano n'kupezeka kutatsala masiku ochepa. Kwa anthu a ku Mozambique nkhaniyo inali yaikulu, chifukwa Mambas ya mphunzitsi Chiquinho Conde inali mu mpikisanowo, ndipo pa 22 Januwale inabweza zigoli ziwiri m'mphindi zoonjezera kudzera mwa Catamo ndi Reinildo, n'kulepherana ndi Ghana 2-2. Chaka chotsatira kampani ya DAZN inaonetsa chikho cha makalabu a dziko lonse kwaulere pa intaneti. Malonda amene kale ankafuna setilaiti ndi madikoda mamiliyoni tsopano angathe kuchitidwa ndi aliyense amene ali ndi ndalama zogulira ufulu.

Koma wopikisana amene akudya msika wa Mandimba ndi Cuamba alibe dzina ndiponso sagula ufulu uliwonse. Ndi mapulogalamu a pafoni ndi maulalo ogawidwa pa WhatsApp ndi Facebook, amene amaba chithunzi cha makanema olipira n'kuchimwaza, nthawi zina wofotokoza mpira akulankhula Chiarabu kapena Chisipanishi, m'mbali muli malonda a juga. Oonera ambiri sauona mchitidwewu ngati kuba, popeza ma mega anagula ndi ndalama zawo, ndipo njira zovomerezeka zimafuna kulipira kawiri, kwa mwini masewero ndi kwa mwini netiweki. Zoopsa zake n'zenizeni, pakuti mapulogalamu otere amalowetsa m'foni zinthu zoba manambala achinsinsi, ndipo foni yomweyo ndiyo imasunga ndalama za banja. Juga nayo yalowera pakhomo lomweli: munthu amene akuonera pafoni amabetcha pafoni yomweyo masewero ali mkati, ndipo ndalama ya thumba la soya ingathe kutha timu isanapite kokapuma.

Malo a Mandimba amaonetsa chinthu china chimene matauni a m'kati mwa dziko sangaonetse bwino. Tauniyi yayang'anizana ndi Chiponde m'boma la Mangochi, mafoni ake amagwira Airtel ndi TNM pamodzi ndi netiweki za ku Mozambique, ndipo metikali ndi kwacha zimayendera limodzi pamsika, kotero kuti wogula amasankha tsidya limene data yatsika mtengo mwezi umenewo. Mu Ogasiti 2023, MultiChoice itasemphana ndi bungwe la MACRA, loyang'anira zofalitsa mauthenga ku Malawi, pa nkhani yokweza mitengo, inalengeza kuti ikuchotsa DStv ku Malawi, ndipo inabwerera kumapeto kwa chaka khoti litagamula. M'miyezi imeneyo uthenga wa setilaiti unkagwabe pamadenga a Chiponde monga momwe unkagwera pa a Mandimba. Chimene chinatsekedwa ndi njira yolipirira ndi chilolezo. Nkhaniyi inaonetsa poyera kuti malire a kanema samangidwa ndi mapiri kapena mitsinje, koma ndi mapangano a makampani ndi malamulo a maboma.

Intaneti nayo ili ndi alonda ake a pachipata, ndipo chaka cha 2024 chinawaonetsa kawiri. Mu Meyi bungwe loyang'anira zamtokoma ku Mozambique, INCM, linaika mitengo yatsopano imene inathetsa mabandulo opanda malire, ophunzira n'kuchita zionetsero ku Maputo, ndipo patangotha milungu ingapo mitengoyo inaimitsidwa. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala, pa nthawi ya zipolowe zotsatira chisankho cha pa 9 Okutobala, intaneti ya pafoni inkadulidwa ndipo masamba a mchezo anatsekedwa kwa masiku angapo. Pa masiku amenewo dishi inkaonetsabe mpira, ndipo wailesi ya batire inkalankhulabe. Aliyense wonena kuti foni yalowa m'malo mwa zonse ayenera kukumbukira kuti njira imodzi yokha ikatsekedwa, zonse zoyenda m'menemo zimaima pamodzi.

Nyumba zoonetsera mpira sizinafe, ndipo palibe chizindikiro choti zifa msanga. Chimene zimagulitsa si chithunzi chokha, koma khamu, mkangano ndi chisangalalo chodumpha pamodzi, zinthu zimene foni ya m'manja singapereke. Pa masewero aakulu zimadzazabe. Zimene zikutaya ndi masewero apakati pa sabata ndi makasitomala a masana, amene kale ankabwera kudzaonera filimu zomasuliridwa m'Chichewa ndipo tsopano amazilandira pafoni kuchokera kwa anyamata a makompyuta a pamsika. Kunyumba nako kaonedwe kasintha m'njira imene siiyenera kupeputsidwa: amayi ndi atsikana, amene mwambo ndi manyazi zinkawaletsa kulowa m'zipinda zodzaza amuna usiku, tsopano amasankha okha choonera, kaya ndi masewero otsatizana, nyimbo za kwaya, kapena ulaliki wa mashehe a Chiyao pa YouTube.

Pa zonsezi, chimene chikusowa kwambiri ndi mpira wa kwawo. Mnyamata wa ku Massangulo angathe kutchula osewera onse a Real Madrid, koma kuti aone Ferroviário de Lichinga, timu ya chigawo chake imene yasewera mu Moçambola, ligi yaikulu ya dziko, amadikira tsiku limene wailesi yakanema ya ku Maputo yasankha masewero ake, ndipo mipikisano ya m'chigawo ndi ya m'maboma siioneka pa kanema aliyense. Kale chifukwa chake chinali chomveka, popeza kuulutsa masewero kunkafuna galimoto yodzaza zipangizo, antchito ambiri ndi nthawi yogula pa setilaiti, zinthu zimene palibe kampani ikanazitumiza ku bwalo lafumbi la ku Cuamba. Lero mafoni awiri abwino, poimikira pake, batire ndi netiweki yodalirika zikukwanira kuti masewero afike kwa aliyense amene ali ndi ulalo, kuphatikizapo ana a derali amene ali ku Nampula, ku Blantyre ndi ku Johannesburg. FIFA+, imene bungwe la FIFA linakhazikitsa mu 2022, yakhala ikuonetsa kwaulere masewero a ligi za mayiko ang'onoang'ono, kuphatikizapo a ku Malawi, ndipo yasonyeza kuti oonera mpira wotere alipo.

Apa ndi pamene intaneti yothamanga ingabweretse mpikisano weniweni, chifukwa pa mpira wa ku Ulaya anthu a kumwera kwa Niassa adzakhalabe ogula, mitengo ikupangidwa ku London, ku Lisbon ndi ku Paris, pamene pa mpira wa kwawo ndi iwo eni munda. Palinso nkhani ya chilankhulo, imene makampani aakulu sanaiganizirepo: masewero a pa dishi amafotokozedwa m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, pamene pabenchi anthu amakangana m'Chiyao, m'Chimakuwa ndi m'Chinyanja. Rádio Moçambique ya ku Niassa imaulutsa m'zilankhulo zimenezi, ndipo wailesi za m'madera ku Cuamba ndi ku Mandimba zili ndi achinyamata odziwa kale kulankhula pamaikolofoni.

Oyendetsa mpira m'chigawo cha Niassa, wailesi za m'madera ndi makampani a mafoni amene akudya ndalama za ma mega Loweruka lililonse akuyenera kukhala pansi n'kupangana zinthu zochepa koma zotheka: netiweki yolimba pa mabwalo a Cuamba, Mandimba ndi Massangulo, bandulo yotsika mtengo yoonera masewero a m'chigawo, ndi gawo la ndalama zimenezo lobwerera ku matimu amene amayenda pa malole kukasewera. Ntchitoyi iyambe nyengo ya mpira ikubwerayi, pamene oonera akali ndi chidwi choona ana awo pabwalo.